Msonkho wa Nyumba ndi Nyengo Yake

Mau akuti msonkho ndi akale kopambana Boma la Azungu. Acokera ku kusonkha, ndiko kuika pamodzi zinthu zocokera m'manja ambiri, monga acita anthu pa maliro, wina licero la ufa, wina nkhuku, wina mtolo wa nkhuni. Acewa a m'dziko la Undi, limene mbali yake ina lero ili m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, anali kudziwanso mtulo wopita kwa mfumu. Mlenje akapha njobvu, mnyanga wogunda pansi unali wa mwini dziko. Akapha nyalugwe kapena mkango, cikopa cinali kupita ku bwalo la mfumu. Ndipo mapira ndi moa zinali kutulidwa anthu atatha kukolola. Mtulo umenewu sunali wopepuka masiku onse, pakuti mafumu ena anali aumbombo, koma unali ndi khalidwe limodzi loyenera kulikumbukira: unali kufunidwa pa nthawi imene cinthuco cilipo. Panalibe mfumu yoitanitsa mnyanga kwa munthu amene sanaphe njobvu. Kufikira lero mwambo wa Kulamba, umene usonkhanitsa mafumu a Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique kwa Kalonga Gawa Undi pa Mkaika, ucitika m'mwezi wa August, nkhokwe zili zodzala.

Msonkho wa Azungu unadza ndi nyengo yakeyake. M'mwezi wa January 1898 asilikali ocokera ku Nyasaland anathyola nkhondo ya Angoni a Mpezeni; Nsingo, mwana wa mfumuyo, anaomberedwa mfuti, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa. Acewa ena amene anali kukhala mwamantha pa mapiri cifukwa ca Angoni anayesa kuti mtendere wafika, natsikira ku madambo. Dziko linagwa m'manja mwa British South Africa Company, kampani ya Cecil Rhodes, ndipo likulu lake linamangidwa pa Fort Jameson, mudzi umene tsopano ucedwa Chipata, pansi pa ulamuliro wa Robert Codrington. Masiku amenewo kunalibe Boma pa Katete, kapena pa Sinda, kapena pa Vubwi. Midzi yonse ya kumeneko inali kuweruzidwa kucokera ku Fort Jameson ndi ku Petauke. Kampani siinazengereze. M'caka ca 1901 inayamba kukhometsa msonkho wa masheleni 3 pa nyumba iliyonse pa caka.

Masheleni 3 aoneka ocepa kwa munthu wa lero, koma m'midzi munalibe ndalama. Malonda anali a nsalu, mikanda, mcere, makasu ndi mbuzi. Sheleni inali kupezeka kwa Mzungu yekha, ndipo Mzungu sanali kuipereka cabe: munthu anali kusenza katundu pa ulendo wa mtengatenga, kapena kulima m'munda wake, ndipo malipiro a mwezi wathunthu anali pafupifupi ndalama yomweyo ya msonkho. Akulu a kampani sanabise colinga cao. Anali kufuna ndalama zoyendetsera Boma, inde, koma anali kufunanso manja, ndipo anazindikira kuti munthu wokhala ndi munda, nkhokwe ndi mkazi sacoka pa mudzi kukagwirira wina nchito popanda comukankha.

Tsono cimene cinali kukhomedwa cinali nyumba, ndipo apa ndi pamene pafunika kuyang'anitsitsa, cifukwa nyumba ya Mcewa siili ngati ng'ombe imene munthu angaigule tsiku lililonse. Ili ndi nyengo yake. Udzu wofolera umwetedwa utakhwima, m'miyezi ya June ndi July, moto wa lupsa usanadutse m'chire. Mitengo ya mizati ndi phaso idulidwa m'cilimwe, luzi nasendedwa, tsindwi nimangidwa pansi, amuna nalinyamula pamodzi kuliika pamwamba. Akazi aponda dothi ndi kumata, pambuyo pake nazira pansi. Zonsezi ziyenera kutha mvula isanagwe m'November, pakuti nyumba yosafolera siona Khirisimasi. Nyumba zatsopano, tsono, zinali kubadwa pakati pa August ndi October, caka cili pafupi kutha.

Ndipo mwini wake wa nyumba yatsopano anali yani? Kawirikawiri anali mnyamata wongokwatira kumene. Mwa mwambo wa cikamwini mwamuna acoka kwao kukakhala kwa mkazi, ndipo nchito zake zoyamba pamaso pa apongozi ndizo kumanga nyumba ndi kuswa mphanje. Asanakwatire anali kugona m'mphala pamodzi ndi anzake, wopanda khomo lochedwa lake. Akangoimika tsindwi, dzina lake linali loyenera kulowa m'kaundula. Iye ndiye munthu wosauka kopambana onse pa mudzi: alibe nkhokwe yakeyake, adya kwa apongozi, mbuzi alibe, ndipo mbeu yake yoyamba ikali m'tsogolo miyezi isanu ndi umodzi.

Cilimwe comweco cinalinso nyengo ya ulendo wa Bwana wa Boma, popeza mitsinje ngati Kapoche ndi Katete inali itaphwa ndipo njira zinali zouma. Anali kufika ndi amesenjala ndi kalaliki, nyakwawa niitana anthu ake pa bwalo, nyumba niziwerengedwa. Msonkho unali wa caka cathunthu, ndipo kaundula analibe malo olembamo miyezi. Nyumba imene inaima zaka khumi ndi nyumba imene dothi lake linali lisanaume zinali ndi mtengo umodzi. Mkamwini wolowa m'nyumba yake m'September, akalembedwa, anali ndi mangawa ofanana ndi a nkhalamba imene inaotha moto m'nyumba yake miyezi yonse khumi ndi iwiri. Ndipo caka cikatembenuka, mangawa ena anali kubadwa, pa nthawi imene cimanga cili m'maondo ndipo anthu ali kudya nkhwani ndi mango. Kalaliki akadafunsidwa akadayankha kuti lamulo ndi limodzi kwa onse, ndipo akadanena zoona. Komatu mtolo wolemera mofanana suli cimodzimodzi pa mutu wa munthu wamkulu ndi pa mutu wa mwana.

Anthu sanakhale manja lende. Popeza cokhomedwa cinali khomo, anacepetsa makomo. Anyamata anacedwa kutuluka m'mphala. Mabanja ena anapanikizana m'nyumba imodzi, cinthu cimene miyambo ya Acewa iletsa kolimba, pakuti mkamwini ndi mpongozi wake wamkazi sayenera ngakhale kukomana maso pa njira. Ena anamanga misasa ku minda, kutali ndi njira ya Bwana. A m'malire anali ndi mwai wina. Dziko la Vubwi, kwa mfumu Pembamoyo, ligundana ndi Malawi ndi Mozambique yemwe, ndipo Katete ndi Sinda ali ndi Mozambique kumwera kwao. Tsidya lililonse kunali abale a mtundu umodzi ndi cinenero cimodzi. Mbiri ikamveka kuti amesenjala ali m'njira, munthu anali kupita kukaceza kwa malume ake kwa Apwitikizi, nabwera fumbi litatha. Koma kumeneko kunalinso msonkho wao, pamodzi ndi cibalo, ndiyo nchito yokakamiza, kotero kuti anthu anali kuoloka malire mbali zonse ziwiri, yense kuthawa moto umene unali pafupi naye.

Ku Nyasaland nzeru ya kugwirizanitsa msonkho ndi nchito inaonekera poyera kopambana. Kumeneko Harry Johnston anaika msonkho wa nyumba wa masheleni 3 m'caka ca 1894, ndipo pambuyo pake Boma linaukweza, koma linalamula kuti munthu wokhala ndi kalata yosonyeza kuti anagwira nchito mwezi umodzi kwa Mzungu apereke theka lokha. M'zaka zoyamba nyumba za olephera zinali kutenthedwa, ndipo akazi ao anali kugwidwa cikole kufikira mwamuna ataonekera. Eni minda anali kufuna anthu m'dzinja, nthawi ya kubzala ndi kupalira, ndiyo nthawi yomweyo imene munda wa mwini wake ulira khasu. Ndi momwenso zinakhalira kuzungulira Fort Jameson pamene Azungu anayamba kulima fodya wa Virginia: fodya aokedwa ndi mvula, apaliridwa ndi mvula, ndipo athyoledwa mvula isanathe. Munthu wopita kukafuna sheleni ya msonkho m'January anali kusiya udzu uli kumera m'cimanga cake, ndipo njala ya caka cotsatira inali kubzalidwa m'mwezi womwewo.

Ambiri anaona kuti kuli bwino kupita kutali kumene malipiro anali okwerako. Anayenda pansi masabata ambiri, kudzera ku Tete kapena ku Feira, kuoloka Zambezi kunka ku Halale, ku migodi ndi mapulazi a Southern Rhodesia, ena mpaka ku Joni. Mnyamata womanga nyumba m'September nthawi zina anali pa njira m'December, kukafunira msonkho nyumba imene sanagonemo miyezi itatu. Ena anabwera ndi nsalu, mabulangete ndi njinga. Ena sanabwere konse, ndipo anachedwa machona. Nyumba zao zinagwa tsindwi, mkazi ali kudikira.

Pofika nthawi ya nkhondo ya 1914 Boma linali litaona kuti kuwerenga makomo kucepetsa makomo, ndipo linasandutsa msonkho kukhala wa pa mutu wa mwamuna aliyense wamkulu, masheleni 5 kuno kum'mawa, ndi ndalama zina pa mkazi aliyense wa mitala kupatula woyamba. M'caka ca 1920 unakwera kufika masheleni 10. Mphala inaleka kukhala pobisalira. Koma funso la nthawi silinathe; linangosamuka kucoka pa nyumba kunka pa thupi la munthu. Mnyamata ayamba liti kukhoma? Lamulo linachula zaka 18, koma m'midzi munalibe makalata a kubadwa, kupatula kwa ocepa obatizidwa pa mishoni ngati ya Nyanje, imene a Dutch Reformed Church anatsegula m'caka ca 1905. Zaka zinali kuyesedwa ndi maso, ndipo akulu asimba kuti mnyamata anali kuuzidwa kukweza mkono kuti aone ngati m'khwapa mwamera tsitsi. Wamsinkhu wautali anayamba kukhoma msanga kopambana mnzake wobadwa naye mwezi umodzi. Msonkho wa akazi a mitala unathetsedwa m'caka ca 1929.

Pa zaka zomwezo panagwa tsoka lina lokhudza nyumba. Kampani ina, North Charterland Exploration Company, inali kunena kuti dziko lalikulu la kum'mawa kwa Luangwa, mamailosi 10,000 m'bwalo lake, ndi lake, potsamira pa pangano limene Carl Wiese, Mjeremani wogula minyanga, anati anacita ndi Mpezeni. Boma la ku England litalandira dziko m'manja mwa kampani ya Rhodes m'caka ca 1924, anatumidwa akulu odula malire a malo osungira anthu akuda, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 midzi yambiri inasamutsidwa kucoka pa nthaka yabwino kunka m'malo opanikizana. Kusamuka ndiko kumanga nyumba yatsopano, nkhokwe yatsopano, ndi kuswa mphanje, zonse m'cilimwe cimodzi. Azungu ambiri amene anayembekezeka kudzalima malo osiyidwawo sanabwere. Mtengo wa fodya unagwa m'caka ca 1928, chire linamera pa mabwinja, ndipo kambalame ka tsetse kanabwerera. Boma linagula malo a North Charterland m'caka ca 1941 ndi kuyamba kubwezeramo anthu, amene anamanganso kaciwiri.

Koma citsanzo coposa zonse ca kuopsa kwa tsiku la msonkho cinacitika kutali ndi Katete, ku migodi ya mkuwa, m'caka ca 1935. Zaka za m'mbuyo mwake zinali za umphawi pa dziko lonse lapansi: migodi ina inatsekedwa, anthu zikwi anacotsedwa nchito nabwerera ku midzi, malipiro a otsala anadulidwa, ndipo ndende zinadzala ndi olephera msonkho. Boma linaganiza zosintha kakhomedwe, kuti wa ku mudzi wakutali ndi njanji, amene alibe pogulitsa kanthu, apereke masheleni 7 ndi sikisi, koma wa ku migodi, amene alandira ndalama pa tikiti yake, akwere kucoka pa masheleni 12 ndi sikisi kufika pa masheleni 15. Ganizo lokha silinali loipa. Kunena zoona linali lacilungamo kopambana kakhomedwe kakale, ndipo midzi yambiri inapumulako nalo. Colakwa cinali pa nthawi ndi pa kanenedwe. Mtengo watsopano unali kuwerengedwa kuyambira January, koma anthu a m'makomboni sanauzidwe kufikira May, ndipo ku Mufulira anaumva kwa apolisi a pa mgodi amene anayenda m'komboni ali kupfuula kuti msonkho wakwera. Caka cimene munthu analowa ali kudziwa mangawa ake cinasinthidwa mtengo cili pakati.

Anthu a ku Mufulira anakana kulowa m'mgodi. Mbiri inafika ku Nkana, kenaka ku Luanshya, itanyamulidwa ndi makalata ndi magulu a gule wa Mbeni. Ambiri a iwo anali Abemba, koma ocokera kum'mawa analiponso. Pa 29 May, pa mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya, apolisi anaomba mfuti pa khamu limene linazinga ofesi ya komboni, ndipo anthu 6 anafa. Akulu ofufuza, otsogozedwa ndi Sir Alison Russell, anataya nthawi yambiri pa mabuku a Watch Tower, koma anabvomera kuti cimene cinayatsa moto ndico kukwera kwa msonkho ndi njira imene anaulengezera. Kusiyana kwa mitengo iwiriyo kunali masheleni 2 ndi sikisi cabe. Nkobvuta kukhulupirira kuti anthu akadaima pamaso pa mfuti cifukwa ca ndalama imeneyo, akadauzidwa caka cisanayambe ndi kupatsidwa cifukwa cake.

Kum'mawa zaka zotsatira zinabweretsa kusintha kwina. Undi anacoka ku dziko la Apwitikizi m'caka ca 1935, ndipo m'caka ca 1937 Boma linamulandira monga mfumu yaikulu ya Acewa. Lamulo la 1936 linapatsa mafumu matumba ao a ndalama, ndipo gawo limodzi mwa magawo khumi a msonkho linayamba kutsala m'matumbamo, kulipira makalaliki, akapaso ndi nchito zazing'ono za m'midzi. Mfumu imene kale inali kudikira kukolola isanalandire mtulo tsopano inakhala wothandiza kukhometsa pa kalendala ya Boma. Mwamuna aliyense woyenda kukafuna nchito anali kusunga citupa, ndipo anthu anaciona ngati cizindikiro ca msonkho ndi ukapolo womwe; ndi cifukwa cake pa cipolowe ca Cha Cha Cha m'caka ca 1961 zitupa zinatenthedwa milumilu, makamaka kumpoto kwa dziko. Pa nyengo ya ufulu wa 1964, msonkho wa anthu akuda okha unatha.

Masiku ano nyumba ya udzu pa mudzi siikhomedwa kanthu. Koma pa Katete, ndi pa Sinda ndi Vubwi amene anakhala maboma paokha m'caka ca 2012, pamera nyumba za njerwa ndi malata zimene aphunzitsi, anamwino ndi amalonda agulana, ndipo funso lakale labwera m'cobvala cina. Lamulo la malo la 1995 linalola munthu, mfumu ikabvomera, kusandutsa malo a makolo kukhala a pepala la zaka 99. Nyumba ya pepala yotere ikagulitsidwa pali msonkho wa kusintha mwini, umene unayamba m'caka ca 1984, ndipo dzina la wogula silingalembedwe m'buku la malo msonkhowo usanaperekedwe ku Zambia Revenue Authority. Lamulo liuika pa wogulitsa, koma wogulitsa wanzeru aubisa m'mtengo wa nyumba, ndipo pomaliza utuluka m'thumba la wogula.

Muyeso wa msonkho umenewu wakhala uli kusintha pa tsiku loyamba la January. Unali 5 pa 100 m'caka ca 2013. Unakwera kufika 10 pa 100 m'caka ca 2014. Unatsika kubwerera pa 5 m'caka ca 2016. Ndipo m'caka ca 2025 unakwera kufika 8. Pa nyumba ya K200,000, malonda otsirizika m'December 2013 anali ndi msonkho wa K10,000, koma otsirizika m'January 2014 anali ndi K20,000. Nyumba ndi yomweyo, mtengo ndi womwewo; casiyanitsa ndi masabata awiri kapena atatu. Boma la lero liposa la 1935 pa cinthu cimodzi cacikulu: kawirikawiri nduna ya cuma ilengeza kusinthako m'Nyumba ya Malamulo miyezi iwiri kapena itatu caka cisanayambe, monga anacitira Alexander Chikwanda m'October 2013, ndipo sikubwerera m'mbuyo. Koma miyezi itatu siili yofanana kwa onse. Wa ku Lusaka wokhala ndi loya angathe kuthamangitsa mapepala ake; wa ku Vubwi ayenera kukwera galimoto kunka ku Chipata, kudikira cilolezo ca Boma ca kugulitsa malo, kudikira kuti mtengo wa nyumba uyesedwe, ndipo December ndi mwezi wa mvula ndi wa kugula feteleza.

Palinso msonkho wa caka ndi caka umene makhonsolo akhometsa pa nyumba zolembedwa m'buku lao la mitengo. Pa umenewu papezeka nzeru imene kaundula wa 1901 analibe. Maloya polemba pangano la malonda agawa msonkhowo monga mwa masiku: wogulitsa alipira kufikira tsiku limene apereka makiyi, wogula nayambira pomwepo, kotero kuti wolowa m'nyumba m'September sasenza miyezi isanu ndi itatu imene munagona wina. Koma nyumba zambiri za m'matauni ang'ono zigulidwa popanda loya, ndi kalata yolembedwa pa manja pamaso pa mboni ziwiri, ndipo m'kalata yotere muchulidwa mtengo, malire ndi tsiku lomaliza kulipira, osati mangawa a ku khonsolo. Wogula awadziwa pamene pepala la khonsolo lifika pa khomo lake, lili ndi zaka zimene iye anali asanaione nyumbayo, wogulitsa atasamukira kale ku Lusaka kapena ku Lilongwe.